Hi-fi yangoti zii, ikudukiza kapena ikung'ung'udza? Mavuto a zingwe za dijito ndi njira zowathetsera

Funso ili ndalimva kambirimbiri, ndipo limabwera mofanana nthawi zonse. Munthu wagula DAC (kabokosi kosandutsa uthenga wa dijito kukhala mawu) kapena ampulifaya yatsopano, wailumikiza ku TV kapena ku kompyuta, kenako kuli zii. Mwina mawu alipo koma akudukizadukiza, mwina masipika akung'ung'udza ngati mwalowa njuchi. Asanayang'ane n'komwe china chilichonse wagamula kale kuti cholakwa ndi chingwe, ndipo akufunsa kuti agule chiti chodula kuposa ichi.

Kawirikawiri chingwecho chimangofera za eni. Pamene chili ndi mlandudi, nkhani imakhala ya mtundu wake, kutalika kwake kapena mmene chapindikira kuseri kwa shelefu, osati mtengo wake. Chingwe cha dijito chimanyamula manambala, ndipo DAC ndi imene imasandutsa manambalawo kukhala mawu. Choncho chikalephera sichibisa: mumamva kuduka, kuthetheka kapena bata lenileni. N'chifukwa chake mavutowa ndawayala potengera zimene khutu lanu likumva, ndipo pansi pa vuto lililonse ndayamba ndi chifukwa chofala kwambiri n'kumatsika mpaka chosowa.

## Zingwe zisanu zimene mungakumane nazo

Optical. Dzina lake lina ndi TOSLINK, ndipo chinachokera ku Toshiba mu 1983. Mkati mulibe kopa, muli kaulusi ka pulasitiki kodutsitsa kuwala kofiira. Popeza palibe chitsulo cholumikiza zipangizo ziwirizo, phokoso la magetsi silingawoloke. Koma sichifuna kupindidwa, chikatalika kupyola mamita 5 mpaka 10 chimayamba kuvuta, ndipo pa zipangizo zambiri chimalekeza pa liwiro la 96 kHz (kuchuluka kwa manambala a mawu pa sekondi).

Coaxial. Chimayankhula chinenero chimodzi ndi optical, chotchedwa S/PDIF, chimene anakonza a Sony ndi Philips. Kungoti kuno uthenga umayenda ndi magetsi ochepa kwambiri, pafupifupi theka la volti, mu waya wa 75 ohm. Pulagi yake nthawi zambiri ndi ya RCA, pa zipangizo zina ndi ya BNC. N'cholimba kuposa optical ndipo 192 kHz sichidandaula nayo, koma chimalumikiza zitsulo za zipangizo zanu, ndiye phokoso la magetsi limapeza mlatho.

AES/EBU. Ichi ndi cha ku situdiyo: pulagi ya XLR ya mapini atatu, waya wa 110 ohm, ndipo chimatha kufika mamita 100. M'nyumba chimaoneka pa zipangizo zochepa.

USB. Ndi cha kompyuta, foni kapena streamer (kabokosi koyimbira nyimbo za pa intaneti). Pa DAC zambiri za masiku ano, DAC ndi imene imalamula liwiro, kompyuta n'kumangotumiza ikapemphedwa. Malire a chingwe cha USB 2.0 ndi mamita 5.

HDMI. Ndi cha TV ndi mafilimu. ARC, njira yobwezera mawu kuchoka mu TV kupita ku ampulifaya, inabwera ndi HDMI 1.4 mu 2009, ndipo eARC, mtundu wake wonyamula zambiri, inabwera ndi HDMI 2.1 mu 2017.

Musanayambe kuzula ndi kulowetsa zinthu, tsitsani voliyumu ya ampulifaya mpaka pansi. Muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi, n'kumvetsera. Mukasintha zitatu nthawi imodzi n'kuona kuti zayenda, simudziwa chinathandiza n'chiti, ndipo vutolo likadzabweranso mudzayambira pa chiyambi.

## Vuto loyamba: kuli zii

1. Mwasankha input yolakwika. Zochititsa manyazi, koma ndi zimene zimatsogola. DAC imamvera bowo limodzi pa nthawi. Dinani batani la input mpaka dzina la bowo limene mwalowetsa chingwe lioneke, monga OPT 1 kapena COAX. Pa ma AV receiver (ma ampulifaya a mafilimu) ena, bowo la dijito limafunika kulipatsa mwini wake mu menu, kuti makinawo adziwe kuti OPT 1 ndi la TV kapena la CD.

2. Chipangizo chotumiza sichikutumiza. TV zambiri zimapitiriza kuyimbira m'masipika ake mpaka mutazilamula. Lowani mu settings za mawu, sankhani optical kapena ARC. Pa kompyuta, onani ngati DAC yanu ndi imene yasankhidwa pa mndandanda wa zotulutsira mawu, ndiponso mkati mwa pulogalamu yoyimbira nyimboyo.

3. Tizipewa ta optical simunavule. Chingwe chatsopano cha optical chimabwera ndi tizipewa ta pulasitiki kunsonga zonse ziwiri, tina toonekera mkati moti simungatione msanga. Ndinaonapo munthu akukankha pulagi ndi mphamvu, kachipewa kali pomwepo, mpaka kachitseko ka bowolo kanathyokera mkati. Vulani tizipewato, yang'anani mbali imene pulagi ikulowera, ndipo ikankheni mpaka imveke kuti yakhazikika.

Kuyesa optical n'kosavuta. Yatsani chotumiza, zulani nsonga ya ku DAC, ilozetseni pa chikhatho kapena pa pepala loyera. Muyenera kuona kadontho kofiira.

- Kadontho kalipo: chotumiza chili moyo ndipo ulusi sunaduke. Koma kuwalako sikutsimikizira kuti uthenga wake DAC ikuumva, ndiye pitani ku vuto lachiwiri.
- Kadontho palibe: zulani chingwecho ku chotumiza n'kuona ngati bowolo likuwala. Ngati bowo likuwala koma kunsonga ya chingwe kuli mdima, chingwe chaduka mkati.
- Bowo nalonso lili mdima: optical yazimitsidwa mu menu, kapena bowolo linafa.

4. Mwalowetsa pa bowo lofanana nalo. Pulagi ya RCA ya coaxial imalowa bwinobwino pa mabowo ofiira ndi oyera a analogi, koma kumeneko si kwake. Funani bowo lolembedwa COAXIAL kapena DIGITAL IN, limene nthawi zambiri limakhala la mtundu wa lalanje kapena lakuda. Onaninso kuti mukuchokera pa OUT kupita pa IN.

5. USB ya kutchaja basi. Zingwe zina za USB zili ndi mawaya a magetsi okha, zilibe a uthenga. DAC imayaka, koma kompyuta siiona. Yesani chingwe chimene mukudziwa kuti chimakopera mafayilo. Komanso bowo la USB lopyapyala la kutsogolo kwa ampulifaya nthawi zambiri ndi la flash, kompyuta imalowera pa lina lokhala ngati kabokosi kumbuyo. Ngati kompyuta yanu ili ndi Windows yakale, mufunika driver ya kampani imene inapanga DAC, chifukwa Windows inayamba kuzindikira yokha USB Audio Class 2 mu 2017, pa Windows 10 version 1703.

6. ARC sinagwirane chanza. Pa TV pamakhala bowo limodzi lokha la HDMI lolembedwa ARC kapena eARC, ndipo ku ampulifaya n'chimodzimodzi. ARC imadaliranso CEC (njira yoti zipangizo zizilamulirana kudzera pa HDMI), imene kampani iliyonse inaipatsa dzina lake: Samsung amati Anynet+, LG amati SimpLink, Sony amati Bravia Sync. Iyatseni mbali zonse ziwiri. Zikakanabe, zulani zipangizo zonse ziwiri kukhoma, dikirani mphindi imodzi, kenako yatsani TV poyamba.

7. Pulagi imodzi, zinenero ziwiri. Izi n'zosowa m'nyumba koma zimachitika. Zipangizo za ku situdiyo zimatumiza chinenero china chotchedwa ADAT pa bowo lomweli la optical, ndipo DAC ya nyumba siimva ADAT. Ma DAC ena ali ndi bowo la HDMI lolembedwa I2S: limeneli si HDMI ya TV, musalowetsepo TV. AES/EBU ndi coaxial nazonso zimasiyana mphamvu ya magetsi ndi ma ohm, ndiye kalumikizo wamba ka XLR kupita ku RCA si kodalirika. Pamafunika chosinthira chopangidwira ntchito imeneyo.

## Vuto lachiwiri: phokoso loopsa la shiii kapena lothetheka

Tsitsani voliyumu msangamsanga. Phokoso limeneli limatuluka ndi mphamvu yonse ndipo likhoza kuotcha timasipika ta mawu opyapyala.

1. TV ikutumiza Dolby Digital kapena DTS ku DAC ya stereo. Ichi ndiye chifukwa chachikulu, ndipo zina zonse zili kutali. DAC ya nyimbo imayembekezera PCM, mawu osapanikizidwa a mbali ziwiri. Dolby Digital ndi mawu opanikizidwa amene amafuna makina owamasula. Akafika pa DAC imene siiwadziwa, DAC zina zimangokhala chete, zina zimawerenga manambalawo ngati nyimbo n'kutulutsa phokoso lokhalokha.

Chizindikiro chake ndi ichi: pulogalamu ina ikumveka bwino, koma mukangotsegula filimu kapena tchanelo china, phokoso. Ine ndinataya madzulo athunthu ndi vuto limeneli. Nkhani zinkamveka bwinobwino, filimu ikangoyamba masipika n'kukuwa. Ndinasintha zingwe za optical zitatu, ndinakwawa kuseri kwa shelefu ndi tochi pakamwa, ndikupukuta nsonga ndi kansalu. Mapeto ake anali mzere umodzi mu menu ya TV umene unali pa Auto.

Kukonza kwake:

- Mu settings za TV, funani polembedwa Digital Audio Output kapena Digital Output Format.
- Chotsani pa Auto, Bitstream kapena Passthrough, ikani pa PCM.
- Chitaninso chimodzimodzi pa dikoda, pa makina a magemu ndi pa Blu-ray, chifukwa TV zina zimangodutsitsa zimene zalandira.
- TV ikalandira update, onaninso, chifukwa nthawi zina zimabwerera mwakale.

Ngati muli ndi AV receiver kapena soundbar yomasula Dolby, simufunika PCM. Lamulo ili ndi la DAC ndi ma ampulifaya a stereo.

2. Fayilo ya DSD (mtundu wina wosungira nyimbo, wosiyana ndi PCM) pa DAC yosaidziwa. Mumamva kaphokoso ka shiii kotsika, nyimbo osamveka kapena kumveka patali. Mu pulogalamu yoyimbira, zimitsani DoP (njira yotumizira DSD yobisika mu PCM) n'kusankha kuti DSD izisandutsidwa PCM.

3. Coaxial yalowa pa bowo la analogi. Onani nambala 4 ya vuto loyamba. Pa bowo la phono, la makina oyimbira mbale za galamafoni, ndiye zoipa kwambiri, chifukwa limakweza chilichonse cholowapo kambirimbiri.

## Vuto lachitatu: nyimbo ikudukiza, kudumpha kapena kumveka tiki tiki

Apa ndi pamene chingwe chimakhaladi ndi mlandu nthawi zina. Pa optical ndi coaxial, wotchi yoyendetsera liwiro imayenda pamodzi ndi manambala mu waya mmodzi yemweyo. DAC imayenera kuigwira wotchiyo osaitaya. Uthenga ukafooka kapena kusokonezeka, DAC imataya mgwirizano, imatseka mawu kwa kamphindi, n'kugwiranso. Ngati DAC yanu ili ndi kanyali kolembedwa LOCK, kayang'anitsitseni nthawi imene mawu akuduka. Kakaphethira, vuto lili pakati pa chotumiza ndi DAC. Kakapanda kuphethira, vuto lili kumtunda: intaneti, kompyuta kapena chimbale chokalikakalika.

1. Pulagi yakhwepa. Nyimbo ikuyimba, gwedezani pulagi pang'ono mbali iliyonse. Mawu akaduka, mwapeza. RCA yokhwepa mukhoza kuifinya pang'ono chigoba chake cha kunja. Optical yosagwira bwino isinthe basi.

2. Optical yapindika kwambiri. TV yopachika kukhoma ndi imene imachita izi: chingwe chimatuluka kumbuyo n'kupindika pomwepo chifukwa cha kuchepa kwa mpata. Kuwala kumathawira pokhotapo. Chiwongoleni, musachimange mothinitsa ndi zingwe zina, ndipo ngati mpata ndi wochepa gulani cha pulagi yokhota. Fumbi la pa nsonga lipukuteni ndi kansalu kouma kofewa.

3. Chatalika. Optical ya pulasitiki yopyola mamita 5 pa 96 kHz kapena kuposa ndi kuyesa mwayi. USB yopyola mamita 5 kapena yolumikizalumikiza n'chimodzimodzi. Sendezani zipangizo pafupi, yesani ndi chingwe chachifupi. Zikayenda, yankho mwalipeza. Pa mtunda wautali coaxial yabwino imapirira kuposa optical, ndipo AES/EBU imaposa zonse.

4. Mukugwiritsa ntchito waya wofiira ndi woyera ngati coaxial. Pa mita imodzi nthawi zambiri zimayenda, n'chifukwa chake anthu amati zilibe kanthu. Koma waya wa analogi sanapangidwe kuti akhale 75 ohm, ndiye uthenga wina umagunda kumapeto n'kubwerera, ndipo akatalika mavuto amayamba. Ngati mu dilowa muli chingwe chachikasu cha vidiyo chakale, yesani chimenecho: chinapangidwira 75 ohm, ndipo ntchito ya coaxial chimaigwira.

5. Zimaduka firiji ikamayaka kapena munthu akadina switchi. Uku ndi kugunda kwa magetsi kumene kwalowa kudzera pa coaxial kapena USB. Siyanitsani chingwecho ndi mawaya a magetsi. Ngati ziyenera kukumana, zidutsane mopingasa, zisagone pamodzi. Zikapitirira, samukirani ku optical.

6. Kompyuta yatanganidwa. Pa USB, kudukiza kambiri kumachokera mu kompyuta momwemo.

- Lowetsani DAC mwachindunji pa kompyuta, osadzera pa hub.
- Zimitsani USB selective suspend mu settings za magetsi za Windows.
- Kwezani buffer (nkhokwe ya manambala odikira kuyimbidwa) mu pulogalamu yoyimbira.
- Yesani bowo lina la USB, makamaka la kumbuyo ngati ndi kompyuta ya pa tebulo.

## Vuto lachinayi: kung'ung'udza ndi kulira kwa tswii

Manambala sang'ung'udza. Mukamva mmmm wosalekeza, dziwani kuti ndi magetsi a m'nyumba, a 50 Hz kapena 60 Hz malinga ndi dziko, amene apeza njira yozungulira pakati pa zipangizo ziwiri zolumikizidwa ndi chitsulo. Akatswiri amati ground loop. Coaxial, USB ndi HDMI zonse zili ndi chitsulo, ndiye zikhoza kutsekera mzere umenewu.

Yesani chonchi: ampulifaya ili choyaka, nyimbo yaima, zulani chingwe cha dijito ku DAC. Phokoso likatha, ladzera mu chingwecho. Likapitirira, chingwe cha dijito chilibe mlandu, yang'anani mawaya a analogi ndi ampulifaya.

1. Waya wa eliyo kapena wa dishi. Amabwera ndi earth yakeyake kuchokera kunja kwa nyumba, n'kudutsa mu TV kapena dikoda mpaka ku hi-fi. Muzuleni kwa kanthawi. Phokoso likatha, njira yophweka ndi kulumikiza TV ku hi-fi ndi optical. Palinso ma isolator (tizipangizo todula mzere wa magetsiwo) a waya wa eliyo, koma samalani ndi dishi: waya wake amanyamulanso magetsi opita ku LNB, kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi, ndipo isolator wamba amawatsekereza, chithunzi n'kusowa.

2. Tchaja ya laputopu. Zulani tchaja kuti laputopu iyendere batire. Kukakhala bata, mwapeza. Phokoso la kompyuta limadziwikanso chifukwa limasintha mukamasuntha mouse kapena chithunzi chikamayenda pa sikirini. Mungathe kugula USB isolator, koma werengani bwino: ma isolator ambiri otchipa amalekeza pa liwiro la 12 Mbps, ndipo DAC yofuna liwiro lalikulu siyenda nawo kapena imalekeza pa 96 kHz. Njira ina ndi kabokosi kosandutsa USB kukhala optical.

3. Zipangizo zili pa masoketi osiyana. Zilowetseni zonse pa ekisitenshoni imodzi yabwino. Nthawi zina zimathera pomwepo.

Chenjezo. Mudzamva ena akunena kuti ingodulani pini ya earth pa pulagi, phokoso litha. Litha ndithu, koma pini imeneyo ndi imene imakutetezani tsiku limene waya wa moto adzakhudze chigoba cha ampulifaya. Musaidule, musaimate ndi tepi.

## Vuto lachisanu: nyimbo zina zikumveka, zina ayi

1. Liwiro la fayilo laposa malire a njirayo. CD ndi 44.1 kHz, TV nthawi zambiri ndi 48 kHz, mafayilo a hi-res amakhala 96 kapena 192 kHz. Ngati a 44.1 akuyimba koma a 192 ali chete kapena akudukiza, ndipo muli pa optical, chifukwa n'chimenecho. Samukirani ku coaxial kapena USB, apo ayi ikani malire a 96 kHz mu pulogalamu. Werengani buku la DAC yanu, chifukwa bowo lililonse limakhala ndi malire ake.

2. DAC ya USB Audio Class 1. Imalekeza pa 24-bit ndi 96 kHz. Ma DAC ena ali ndi kaswitchi kumbuyo kosankhira Class 1 kapena Class 2.

3. Chiyambi cha nyimbo chikudulidwa. DAC imatenga kamphindi kuti igwire wotchi yatsopano, makamaka liwiro likasintha pakati pa nyimbo ziwiri. Zina zimamveka n'kaphokoso ka relay. Palibe chawonongeka, ndipo chingwe chatsopano sichithandiza. Mapulogalamu ena ali ndi poika kachete kakafupi nyimbo isanayambe.

## Vuto lachisanu ndi chimodzi: za TV ndi mafilimu

Masipika a kumbuyo ali chete. Choyamba onani ngati TV siili pa PCM, chifukwa pa optical, coaxial ndi ARC wamba, PCM ndi mbali ziwiri zokha. Ikani pa Bitstream kapena Passthrough. Dziwaninso kuti optical ndi coaxial zimalekeza pa Dolby Digital ndi DTS za 5.1. Dolby TrueHD ndi DTS-HD Master Audio sizidutsamo, kaya chingwecho chidule bwanji. Zimenezo zimafuna HDMI yolowa mwachindunji mu receiver, kapena eARC pa TV ndi receiver yomwe, ndi chingwe cholembedwa High Speed with Ethernet kapena Ultra High Speed.

Milomo ndi mawu sizikuyendera limodzi. Mawu akamatsogola, onjezani audio delay pa TV kapena receiver. Akamatsalira, delayyo ibwezeni pa ziro, zimitsani zokometsera mawu za mu TV, ndipo yesani Passthrough kapena PCM.

Rimoti ya TV sikukweza voliyumu. Pa optical n'zachibadwa: TV zambiri zimatumiza mawu pa mlingo umodzi wosasintha. Ngati zimenezi zikukusautsani ndipo ampulifaya yanu ili ndi ARC, gwiritsani ntchito imeneyo.

## "Zonse zikuyenda, koma mawu sakundikoma"

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayika. Ogulitsa adzakuuzani za jitter, kugwedezeka kwa nthawi pakati pa manambala. Jitter ilipodi ndipo imayezeka, makamaka pa S/PDIF pamene wotchi imayenda ndi uthenga. Koma ma DAC a masiku ano anapangidwa kuti aziichepetsa kwambiri, ndipo pa USB imene DAC imalamula liwiro, wotchi yofunikayo ili mkati mwa DAC, osati mu chingwe. Chingwe sichingaonjezere besi kapena kufewetsa mawu a woyimba, chifukwa sichidziwa n'komwe kuti nambala iti ndi ya ng'oma. Maganizo anga ndi akuti pulagi ya golide pa chingwe cha optical ndi nthabwala: m'menemo mumadutsa kuwala, golide wachitanji?

Musanagule, onani izi:

- Zokometsera mawu ndi equalizer za mu TV, kompyuta kapena foni zili zozimitsa?
- Voliyumu ya kompyuta ili pamwamba, n'kumatsitsira pa ampulifaya?
- Pulogalamu yoyimbira pa intaneti sinadzitsitse yokha pa mlingo wopulumutsa data?
- Nyimbo mukuzidutsitsa mu TV pamene mukanatha kuzitumiza mwachindunji ku DAC?

Mukafuna kuyerekeza optical ndi coaxial, zilumikizeni zonse ziwiri kuchokera pa chipangizo chimodzi, voliyumu osaikhudza, ndipo wina azisintha input inu musakuona. Mukalephera kuloza kangapo motsatizana kuti iyi ndi iti, sungani ndalama zanu. DAC yakale kwambiri ikhoza kusonyeza kusiyana, ndipo pamenepo sankhani bowo limene lakukomerani.

Ngati mabowo onse alipo ndipo mukungofuna poyambira, ine ndimachita chonchi. TV kupita ku ampulifaya ya stereo: optical, pa PCM. TV kupita ku receiver ya mafilimu: eARC kapena ARC. CD kapena streamer yokhala pa shelefu imodzi ndi DAC: coaxial ya 75 ohm, mita imodzi kapena iwiri. Kompyuta: USB, ndipo ikang'ung'udza, optical.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana katswiri

Zulani kukhoma ndipo musayatsenso ngati:

- Chigoba cha chipangizo kapena pulagi ya chingwe yakugwirani ndi magetsi, kapena mwaona kuthetheka kwa moto polowetsa HDMI kapena coaxial. Apa muitane wa zamagetsi a m'nyumba, chifukwa earth ya nyumba kapena ya dishi ikhoza kukhala yolakwika.
- Mukumva fungo la chinthu chopsa, kapena chipangizo chikutentha mosazolowereka.
- Fyuzi ikupsa mobwerezabwereza kapena breaker ikugwa mukayatsa hi-fi.

Pitani kwa wokonza zipangizo ngati:

- Bowo likugwedera, lalowa mkati, kapena kachitseko ka optical kathyokeramo. Musatokosemo ndi waya kapena singano.
- Ampulifaya ikung'ung'udzabe m'masipika mutazula zonse zolowamo.
- DAC ikutaya LOCK pa mabowo onse, ndi zingwe zosiyana komanso zotumiza zosiyana.
- Mawu akutuluka mbali imodzi yokha. Chingwe cha dijito chimanyamula kumanzere ndi kumanja pamodzi, sichingataye mbali imodzi. Sinthanitsani waya wa kumanzere ndi wa kumanja, pa mawaya a analogi kenako pa a masipika, kuti muone ngati vuto lisamuka, ndipo likakhala pomwepo, lili mkati mwa makina.

Musatsegule ampulifaya nokha. Ma capacitor ake akuluakulu amasunga magetsi ngakhale mutaizula kukhoma, ndipo ngati chipangizocho chidakali pa waranti, kutsegula kukhoza kuithetsa. Kudutsitsa zingwe mkati mwa khoma kapena kudenga pafupi ndi mawaya a magetsi nakonso asiyireni odziwa.

Popita kwa wokonza, tengani chingwe chimene mumagwiritsa ntchito, ndi kapepala kolembapo mayina a zipangizo zonse, bowo limene limavuta, zimene mwayesa kale, komanso nthawi imene vutolo limabwera: chikangoyaka, chikatentha, kapena firiji ikalira. Ngati phokosolo limabwera mwa apo ndi apo, lijambuleni pa foni, chifukwa pa tebulo la wokonza makina amakonda kukhala chete.